Lachitatu kapena Lachisanu

Bambo anga anafika pa maliro a mnzawo patapita masiku awiri mwambo woika m'manda utachitika kale. Anadzuka m'bandakucha Lachisanu, anavala jekete yakuda ija imene imatuluka pa maliro ndi pa ukwati pokha, anakwera minibasi kuchoka kuno ku Makata mpaka ku Limbe, kenako ina ya ku Chiradzulu. Atatsika anayamba kudabwa kuti pamsewu palibe masamba. Pamudzipo anapeza amayi angapo akutsuka miphika yobwereka kuti aibweze kwa eni ake. Maliro anaikidwa Lachitatu. Uthengawo iwo anaumva pa wailesi, pa mauthenga achisoni, ndipo mpaka lero amalumbira kuti muulutsi uja ananena kuti Lachisanu.

Anabwerako madzulo osalankhula ndi munthu. Nsima anangotema kawiri n'kusamba m'manja. Malemuwo anagwira nawo ntchito pa makina amodzi zaka zoposa 20, ndiponso ndi amene anawaperekeza tsiku limene anakafunsira amayi. Usiku umenewo wailesi yawo, imene imagona pamutu pa bedi ngati mwana, anaiika pamwamba pa kabati.

Tayesani kutchula mawu awiriwa pang'onopang'ono. La-chi-ta-tu. La-chi-sa-nu. Tsopano chotsani malembo ena onse, musiye okhaokha aja tinkaimba ku sitandade 1. Mutsala ndi a, i, a, u mbali zonse ziwiri. Chimene chimasiyanitsa masiku awiriwa ndi timalembo tochepa, t ndi s makamaka, ndipo timeneti ndi timene makutu a bambo anataya. Malembo a liwu amakhala ndi mphamvu zambiri pansi, kumene mawu amamveka okhuthala. Koma s, f, t, ts ndi ch amakhala pamwamba, kuyambira ma hertz 2,000 kupita m'mwamba, ndipo ndi ofooka. Munthu amene wataya kumtunda kumeneku amamva kuti wina akulankhula, amadziwa ngakhale kuti ndi mwamuna kapena mkazi, wokwiya kapena wosangalala, koma mawuwo amafika atasendedwa. Bambo amanena okha bwino kuposa ine: "Kumva ndikumva. Kumvetsa ndiye kwanditayika."

Anagwira ntchito zaka pafupifupi 30 m'fakitale ina kuno ku Makata, m'chipinda mmene anthu ankalankhulana ndi manja chifukwa cha phokoso. Dzina la fakitaleyo silikufunika pano. Titapita nawo ku Gulupu kukayezetsa makutu anatipatsa pepala lokhala ndi mzere. Mzerewo umayenda bwinobwino mpaka pa 1,000, umayamba kutsetsereka pa 2,000, ndipo pa 4,000 umagwera m'dzenje. Dzenje la pa 4,000 limeneli ndi chidindo chodziwika cha makutu amene anadyedwa ndi phokoso la makina. Pofika ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku, khutu limayamba kuonongeka, ndipo zimene zaonongeka mkatimo sizimeranso.

Kukweza wailesi sikunathandize. Ukakweza, chimene chimakula ndi a, i, a, u yemweyo, mpaka amayi kumadandaula kuti mbale zikunjenjemera, koma t ndi s ali chibisalire. Komanso makutu otere ali ndi khalidwe lina lovuta: mawu apansipansi sawamva, koma mawu akangokwera pang'ono amawapweteka msanga kuposa ife. Pakati pa "sindikumva" ndi "mukundiboola mutu" pamakhala kampata kakang'ono. Kachipangizo ka m'khutu anali nako. Anativuta ndi iwo eni. Anakavala sabata imodzi, n'kunena kuti kakukweza mahutala a minibasi ndi kulira kwa ziwaya, ndipo m'malo mobwerera kuti akakakonze monga anatiuzira, anakatsekera m'kachitini ka mafuta odzola. Munthu wamkulu sumukoka ndi chingwe kupita naye kuchipatala.

Ndiye ndinaganiza zowapangira wailesi yawoyawo, yolankhula mogwirizana ndi mzere wa papepala uja. Ndivomere apa ndisanapitirire: njira yachidule inalipo. Ndikanangotenga waya kuchoka pa wailesi wamba kulowetsa m'laputopu, basi. Koma ndinali nditawerenga za kachipangizo kena kotchedwa RTL-SDR, ndipo mtima unali utagwa kale. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anakatumiza pa basi, katakulungidwa m'masokosi. Ndinauza amayi kuti n'chifukwa cha bambo. Zinali zoona, koma theka lokha.

Kachipangizoka kamaoneka ngati fulashi yonenepa. Mkati mwake muli chip yotchedwa RTL2832U, ya kampani ya Realtek ya ku Taiwan, imene anaipangira kuonera kanema pa kompyuta. Kanema wake ndi wa mtundu wa DVB-T, pamene kuno kwathu timagwiritsa ntchito DVB-T2, choncho ntchito imene anakalengera sikangaigwire n'komwe m'dziko muno. Koma mu 2012 kunadziwika, kudzera mwa Antti Palosaari wa ku Finland ndi gulu la Osmocom, kuti chip imeneyi ingathe kungoyeza mafunde a mumlengalenga n'kumakhuthulira manambala osaphika mu kompyuta. Kuyambira pamenepo kanasanduka wailesi yotchipa yomva kuchokera pa ma megahertz 24 mpaka cha m'ma 1,700. Mu wailesi ya bambo, kusankha siteshoni, kusefa ndi kutulutsa mawu zimachitika ndi timawaya topiringa ndi tizitsulo towotcherera. Mu iyi mulibe zimenezo. Kachipangizoka kamangoyeza, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo wailesi yeniyeniyo umaimanga wekha pa sikirini.

Pomangira pake ndi pulogalamu ya GNU Radio, imene Eric Blossom anayamba mu 2001. Ili ndi mbali ina yotchedwa Companion mmene sulemba mizere ya malamulo, umangokoka timabokosi n'kumatilumikiza ndi mivi. Kabokosi aka ndi gwero, aka ndi sefa, aka katulutse mawu, aka kapite ku sipika. Poyang'ana zithunzi za anthu ena ndinaona ngati masewera a ana. Usiku woyamba unatha kachipangizoko kasanayankhe ngakhale moni. Ndikayatsa, pansi pa sikirini pankangotuluka kuti usb_claim_interface error -6. Ndinasintha mabowo onse a laputopu, ndinaizimitsa ndi kuiyatsa mwina kasanu, ndinayamba kutukwana msuweni wanga chamumtima kuti wagula chakufa. Bandulo itatsala pang'ono kutha ndi pamene ndinapeza chifukwa. Linux ikangoona kachipangizoka imati ndi ka kanema, n'kukagwira ndi driver yake yotchedwa dvb_usb_rtl28xxu, ndipo pulogalamu ina iliyonse imapeza mpando uli ndi mwini. Mankhwala ake ndi mzere umodzi woletsa driver imeneyo. Mzere umodzi, aise, ndi tulo ta usiku wathunthu.

Za mivi yofiira sinditaya nazo nthawi. Pakamwa pa kabokosi kalikonse pali mtundu, buluu kapena olenji, ndipo ukalumikiza mitundu yosiyana muvi umafiira, pulogalamu n'kukana kuyenda. Vuto lotere ndi labwino chifukwa limadziulula lokha. Oipa ndi mavuto amene zonse zimaoneka zili m'malo, mivi yonse yakuda, koma chotuluka n'chachabe.

Tsiku limene ndinaona mafunde koyamba ndinawaitana bambo. Pa sikirini panali timapiri tingapo titaima pamzere, kalikonse kakugwedera motsatira nyimbo kapena mawu ake. Ndinawauza kuti kaphiri kalikonse ndi siteshoni, ndipo onse a FM amakhala pakati pa 87.5 ndi 108. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye zonsezi zimadutsa m'nyumba muno?"

"Usana ndi usiku, bambo."

"Boma likudziwa kuti uli ndi chimenechi?"

Musawaseke. Anakula nthawi imene wailesi m'dziko muno inali imodzi, MBC, kuyambira 1964 mpaka cha m'ma 1990, ndipo kumvera za kunja kunkachitika chapansipansi, zitseko zotseka. Ndinawauza kuti kachipangizoka kamangomvera, sikaulutsa, ndipo amene MACRA imalimbana nawo ndi oulutsa opanda laisensi. Anafunsanso ngati kangagwire Channel Africa, imene ankaimvera m'Chinyanja pa shortwave. Ndinawayankha kuti kachipangizoka sikatsika kufika kumeneko, komanso nsanja za ku Meyerton zimene zinkaponya mafundewo zinatsekedwa mu 2019. Anangoti "Oho," ngati amva za maliro ena.

Mawu oyamba kutuluka anali a munthu wamkulu wowerenga nkhani, koma akumveka ngati kamwana kothamangitsidwa ndi galu, n'kumadukaduka. Pansi pa sikirini pankatuluka aUaUaUaU mosalekeza. Ndinakhala masiku awiri ndikusintha sefa, poganiza kuti vuto ndi mafunde. Vuto linali masamu a sitandade 5. Ndinakopera chithunzi cha munthu wina osachiwerengera. Kachipangizo kankayeza ka 2,000,000 pa sekondi. Kabokosi koyamba kankasunga muyeso umodzi pa 10 iliyonse, kutsala 200,000. Kachiwiri kankasunga umodzi pa 5, kutsala 40,000. Koma sipika ndinali nditaiuza kuti idye 48,000 pa sekondi. Zili ngati chigayo chothamanga kuposa mmene chimanga chikulowera: chimagaya msangamsanga, kenako n'kulira chopanda kanthu, kenako n'kugayanso. Ma aU aja anali kulira kwa chigayo chopanda chimanga. Nditasintha gwero kukhala 2,400,000, masamu anakwana okha: kugawa ndi 10 ndi 240,000, kugawa ndi 5 ndi 48,000. Wowerenga nkhani uja anabwerera kukhala bambo wa ndevu zake. Kuchokera tsiku limenelo ndimalemba nambala pamwamba pa muvi uliwonse papepala ndisanayatse chilichonse.

Kenako kunabwera mizukwa. Siteshoni imodzi inkapezeka malo atatu, ina inkamveka pansi pa inzake ngati anthu awiri akulankhula m'chipinda chimodzi. Ine, poganiza kuti zambiri ndiye zabwino, ndinali nditakweza gain mpaka pamapeto, pa 49.6. Koma kachipangizoka kamayeza ndi masitepe 256 okha, ndipo Blantyre si mudzi wakutali ndi nsanja. Mafunde amphamvu akachulukitsidwanso amasefukira, n'kuyamba kubereka masiteshoni amene kulibe. Nditatsitsa kufika cha m'ma 20 mizukwa inathawa. Apa ndi pamene bambo analowerera. Anayang'ana ka eriyo kamene kanabwera m'bokosi, kotalika ngati chala, n'kuseka koyamba chichokereni ku Chiradzulu. Ndinawerengera kuti pa ma megahertz 100 funde limodzi ndi lotalika mamita atatu, ndiye pakufunika mawaya awiri a masentimita 75. Anadula okha waya wa magetsi wotsala, anaukhomera pa kathabwa mowongoka bwino kuposa mmene ine ndikanachitira, n'kuupachika pa zenera loyang'ana ku Limbe. Timapiri tija tinatalika, udzu wa phokoso wa pansi pake unafupika.

Panatsala kung'ung'udza. Pansi pa mawu alionse pankamveka mmmmm wosatha, wonga wa firiji yakale. Ndinaika sefa, ndinachotsa sefa, ndinasintha mahedifoni. Amene anandithandiza ndi mdima. Tsiku lina cha m'ma 7 madzulo magetsi anazima, Makata yense kuti bii, laputopu n'kuyamba kudya batire, ndipo mmmmm uja anazimira limodzi ndi mababu. Ndinakhala mumdimamo ndikumvera mawu oyera ngati madzi a pa kasupe. Magetsi athu amagwedera ka 50 pa sekondi, ndipo chaja yanga, yogula pamsika chifukwa yeniyeni inapsa, inkalowetsa kugwederako ndi zinyalala zina m'mawu. Magetsi atayaka ndinayesa kuzula ndi kubwezera chaja, ndipo phokoso linkapita ndi kubwera ngati ndalituma. Ndinapezanso kuti babu lina la LED la pabalaza likayaka, udzu wa pa sikirini umakwera. Sindinaganizepo kuti ndidzathokoza kuzima kwa magetsi, ndipo musakauze anthu.

Tsopano wailesi inalipo. Chotsala chinali chimene ndinayambira zonsezi, kuumba mawuwo kuti akwane m'makutu a bambo. Apa ndinatenga pulogalamu yachiwiri, Pure Data, imene Miller Puckette anatulutsa mu 1996. Puckette yemweyu ndi amene analemba Max ku IRCAM, mu mzinda wa Paris, m'zaka za m'ma 1980, n'kuitcha dzina la Max Mathews, mmodzi mwa oyamba kuimbitsa kompyuta. Max ndi yogula, Pure Data ndi yaulere, ndiye kusankha sikunandivute. Maonekedwe ake ndi osauka, timabokosi toyera ndi tizingwe takuda basi. Kabokosi kamene dzina lake likuthera ndi kachizindikiro kopindika aka ~ kamanyamula mawu, kamene kalibe kamanyamula mauthenga ndi manambala. Mawu ochokera ku GNU Radio ndinawadutsitsa pa JACK kulowa pa adc~, kutulukira pa dac~. Ola loyamba kunali zii. Ndinafufuza chingwe chilichonse kawiri. Kenako ndinaona pakona kabokosi kolembedwa DSP kasanachongedwe. Pure Data simayamba kuimba usanaiuze. Ndinachonga, ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wandiona.

Chimene chinachitika Lamlungu lotsatira sindimachikumbuka mosangalala. Ndinamanga kanjira kotenga mawu a cha pa 4,000 ndi bp~, kuwachulukitsa ndi *~, n'kuwaphatikizanso ndi mawu onse. Kuchulukitsako ndinkakulamula ndi kabokosi ka nambala. Ndinawaveka bambo mahedifoni, nambala ili pa 1. Ndinafuna kukweza pang'ono chabe. Sindinkadziwa kuti mu Pure Data ukakoka nambala ndi mouse imadumpha imodziimodzi, ndipo kuti iyende pang'onopang'ono umayenera kugwira Shift. Dzanja linaterereka, nambala inafika pa 14. Bambo anakuwa, anavula mahedifoni n'kuwaponya pansi, atagwira khutu lakumanja ndi manja onse awiri. Amayi anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja.

"Iwe, otsalawa ukufuna uwamalize?"

Sanakalipe kuposa pamenepo. Anakhala kanthawi ali chigwirire, kenako anadzuka n'kupita panja. Anati khutulo linalira mpaka m'mawa mwake. Ine ndinangoti kakasi kuyang'ana nambala 14 ija. Ndinali nditawerenga za kampata kakang'ono kaja pakati pa kusamva ndi kupweteka, ndinkatha kukafotokoza bwinobwino, koma ndinalumikiza makutu a bambo anga ku chinthu chopanda malire ngati ndikuyesa sipika ya pa msika.

Sabata yonse sanayandikire laputopu, ndipo sindinawapemphe. Ndinaika clip~ kumapeto kwenikweni, pafupi ndi dac~, kuti kaya ndalakwitsa chotani kumtundako, chotuluka chisapyole muyeso. Ndinamanga kanjira kena ndi env~ koyeza kukula kwa mawu n'kumawatsitsa okha akakwera, ndi line~ kuti kusinthako kuzichitika mosalala, kopanda kuthetheka. Pamenepa ndi pamene ndinaphunzira kuti khomo lakumanzere la kabokosi ndi lotentha, limachititsa ntchito nthawi yomweyo, pamene lakumanja ndi lozizira, limangosunga nambala n'kudikira. Ukatulutsa zingwe ziwiri pakamwa pamodzi, pa sikirini sipaoneka kuti chiyambe n'chiti, ndipo masamu amatha kuchitika ndi nambala yakale. Chithunzi chimaoneka cholondola pamene zochitika zake n'zokhota. Kabokosi ka trigger ndi kamene kamaika dongosolo, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Zonsezi ndinkaziyesa pa makutu anga, usiku, onse atagona.

Atavomera kuyesanso anakana mahedifoni, ndiye tinagwiritsa ntchito sipika. Anamvera mphindi zingapo n'kupukusa mutu. "Akulankhula ali mu mgolo." Ndinabwerera ku GNU Radio, ku kabokosi kotchedwa WBFM Receive, kamene ndinkangokakhulupirira osadziwa za m'mimba mwake. Nkhani yake ndi iyi. Pa FM, phokoso la mumlengalenga limachuluka kumtunda kwa mawu. Pofuna kuligonjetsa, siteshoni iliyonse imakweza dala mawu akumtunda isanawaulutse, ndipo wailesi yolandira imawatsitsanso ndi muyeso womwewo, phokoso n'kutsikira limodzi. Kutsitsaku amakutcha de-emphasis. Muyeso wake ku America ndi ma microsecond 75, pamene ku Ulaya ndi kuno ku Africa ndi 50. Wa 75 umayamba kudula cha pa ma hertz 2,100, wa 50 cha pa 3,200. Kabokosi kanga kanali pa 75. Ndiye kuti kwa masabata onsewa ndinkadula mopyola muyeso kuyambira pamalo enieni pamene mzere wa bambo umayambira kutsetsereka, kenako n'kumavutika kubwezeretsa mu Pure Data zimene ndataya ndekha. Ndinakachotsa kabokosiko n'kuika tosiyanasiyana titatu: Quadrature Demod, sefa, ndi FM Deemphasis ya 50. Kwa ine mawu anafika pabwino penipeni, ngati muulutsi wakhala pampando wapafupi. Bambo anati, "Watuluka mu mgolo, koma wafunda bulangeti."

Usiku umene zinatheka sindinkafuna n'komwe zimenezo. Ndinkasaka kuthetheka kwina kumene kunkabwera mwa apo ndi apo, ndipo njira yanga inali yodumphitsa kabokosi kamodzikamodzi kuti ndione kamene kakuyambitsa. Mu Companion ukasankha kabokosi n'kudina B, kamasanduka kachikasu, ndipo mafunde amangodutsa osakhudzidwa. Ndinadumphitsa FM Deemphasis n'kuyatsanso. Mawu anatuluka akuthwa, owawa, s aliyense ngati madzi agwera m'mafuta otentha. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse msanga, mantha a Lamlungu lija adakali m'mimba.

"Siya pomwepo."

Bambo anali pampando wawo kuseri kwanga, nyuzipepala ili pamiyendo. Sindinkadziwa kuti akumvera.

"Bambo, apa ndalakwitsa, ndachotsa..."

"Ndati siya."

Anatsamira kutsogolo. Muulutsi ankawerenga za mitengo ya chimanga m'misika, ndipo bambo anayamba kubwereza pambuyo pake, liwu ndi liwu, mayina a misika ndi manambala omwe, ngati mwana wa sukulu akulakatula pamaso pa aphunzitsi. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini osanena kanthu.

Nditawerengera pambuyo pake ndinapeza kuti popanda kabokosi kaja mawu a pa 4,000 amakwera ndi ma decibel 4 okha, a pa 10,000 ndi ma decibel 10. Si zambiri. Koma kukwerako n'kotambalala, kumayamba pang'onopang'ono n'kumapitirira, pamene ine ndinkaunjika mphamvu pa kadera kopapatiza ka pa 4,000, pakati penipeni pa dzenje, pamene khutu lawo linafa kwambiri. Ndipo ndinkaleka kukweza pamene mawu ayamba kundiwawa ine. Ichi ndiye chinandichititsa manyazi kuposa DSP yosachonga ija. Mwezi wathunthu ndinkakonza wailesi ya munthu wina ndi makutu anga, mwini wake ali mtulo chipinda chinacho. Pepala la ku Gulupu linali pakhoma, ndinkaliyang'ana tsiku lililonse, koma woweruza womaliza ankakhala ine, munthu womva bwinobwino. Ndipo ndivomerenso kuti ngakhale usiku umenewo chala chinkandiyabwa kuti ndibwezeretse kabokosiko, chifukwa mabuku onse amati wailesi ya FM yopanda de-emphasis ndi yolakwika.

Nditawafotokozera zimenezi, bambo anandiuza mmene ankapezera bearing yakutha ku fakitale. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa chitsulo cha makina, chogwirira n'kuchitsamiritsa pa fupa la kuseri kwa khutu. Anati ma injiniya ankabwera ndi mabuku, koma pomaliza ankaitana iwo kuti adzamvere. Ananena izi mosadandaula, akupukuta magalasi. Ine ndinkangoganiza kuti khutu limene ankaligwiritsa ntchito poteteza makinawo ndi lomwelo limene makinawo anadya.

Patapita masiku awiri kunabwera dandaulo lina, lochokera kwa mwana wa mlongo wanga, wa zaka 7. Anati wailesi ya agogo ili ndi udzudzu mkati. Ine sindinkamva udzudzu ulionse, amayi ayi, bambo ndiye musanene. Ndinaika kabokosi koonetsa mafunde pa mawu otuluka, ndipo kanalipodi, kamzere kowongoka pa 19,000. Siteshoni iliyonse youlutsa stereo imatumiza kaliwu kameneka kuti wailesi idziwe kulekanitsa kumanzere ndi kumanja. Kale de-emphasis inkakapondereza, tsopano kanali pamtunda, ndipo sefa yanga inali yotayirira. M'nyumba imodzi munali makutu a mitundu itatu, ndipo aliyense ankamva wailesi yakeyake kuchokera mu sipika imodzi. Ndinatsitsa sefa kuti idule pa 8,000, popeza pamwamba pa apo bambo samvako kanthu. Udzudzu unafa, mafuta otentha aja anachepanso, amayi anasiya kutseka chitseko cha kukhitchini.

Mu Pure Data ndinachotsa bp~ uja n'kuika hip~ wotenga zonse za pamwamba pa 2,000, ndi kotsetsereka kamodzi kakakulu kamene malire ake ndinawakhoma kuti sikangapyole. Mouse ndinawapatsa iwo. Tsiku loyamba ankaigwira ngati ikuluma. Pano amakankha okha, ndipo ndaona kuti malo ake amasintha: muulutsi akakhala wamkazi amatsitsa pang'ono, akakhala wamwamuna wa mawu okhuthala amakweza, nyimbo zikayamba amabweza pansi penipeni chifukwa amati gitala ikuwalasa. Zimenezi palibe pepala likanandiuza.

Si mankhwala, ndisanamize munthu. Laputopu imapita nane kuntchito m'mawa, ndiye masana amakhalabe ndi wailesi yakale. Kutchalitchi, pa minibasi, pa maliro penipenipo, palibe kotsetsereka kokankha. Phindu lina limene sindinaliyembekezere ndi lakuti ataona kuti mawu amatheka kuumbidwa, anakatulutsa okha kachipangizo ka m'khutu kaja m'kachitini n'kundifunsa ngati madokotala angakachite zomwezi. Ndinati ndi zimene anatiuza tsiku loyamba lija. Anati sanamve. Tapangana kuti tipita mwezi ukatha. Kuthetheka kumene ndinkasaka usiku uja sindinakupezebe, kumabwera kamodzi pa mphindi zingapo, ndipo ndikukayikira chingwe cha USB. Kabokosi ka FM Deemphasis kadakali pomwepo, kachikasu. Ndikanatha kukafufuta, koma ndimakasiya.

Dzulo magetsi anazimanso, ndipo tinakhala mumdima ndi kuwala kwa sikirini kokha, mauthenga achisoni akuwerengedwa. Bambo anali ndi kope lawo pamwendo, mmene amalemba mayina. Muulutsi anatchula malemu wina, mudzi wake, mfumu yake, boma la Thyolo, ndi tsiku loika. Bambo anabwereza zonse chapansipansi, n'kumaliza ndi "Lachitatu." Anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti eya.

"Mukuwadziwa?"

"Ayi, sindikuwadziwa." Anatseka kope osalembamo. "Batire yatsala bwanji?"

"Ili pa 31."

"Isiye. Atha kutchula wina."